Namadontho wa M'chipinda Chozizira

Ogulitsa malonda pageti la yunivesite ankamudziwa chifukwa cha jekete. Dzuwa lingaswe mtengo bwanji, phula n'kumachita kumata kunsapato, mayiyu ankadutsa m'mawa uliwonse atakoleka jekete lokhuthala pamkono, m'chikwama muli juzi ndi chipewa chaubweya. Ena ankati amadwala malungo osatha, ena ankati mutu sukoka bwino. Iye ankangowapatsa moni n'kupitirira. Kuntchito ankamutchula kuti Namadontho, ndipo dzinalo linamera mizu moti kalaliki wa ku ofesi ya antchito ankayamba wakanda mutu akafuna kupeza faelo yake.

Ankagwira ntchito mu labu ya pansanjika yachitatu. Kumapeto kwa labuyo kunali chitseko chachitsulo chokhuthala ngati cha firiji ya m'butchala, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda kopanda windo, kozizira mofanana chaka chonse. Munali mashelefu mbali zitatu, mpando umodzi wozungulira, maikulosikopu, ndi fani yolira osapuma. Mmenemo ndi mmene ankathera theka la tsiku lililonse.

Anabwera ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, atangomaliza kosi ya ntchito za mu labu. Maganizo ake anali oti agwire zaka ziwiri, apeze kalata yomuchitira umboni, kenako akapitirize sukulu. Tsiku loyamba aPulofesa, omwe anali mkulu wa labuyo, anamukhazika pansi n'kutenga choko.

"Mwana akamayamba kuumbika m'mimba," anatero akujambula timizere tozungulira pabolodi, "amakhala kampira ka maselo ofanana onse. Ndiye ndani amauza selo ili kuti iwe ukhala ubongo, linzakeli kuti iwe ukhala khungu? Amauzana okha. Pakhungu la selo pali puloteni ina, mutu wake uli kunja, mchira uli m'kati. Selo loyandikana nalo likaigwira mutu n'kuikoka, mchira uja umaduka n'kuthamangira m'kati ndi uthenga. Puloteni imeneyi ikalakwika pang'ono pokha, mwana amabadwa ndi msana wokhota kapena mtima wobooka. Zochita zake timazidziwa, koma nkhope yake palibe anaiona. Ine ndikufuna ndiione ndisanafe."

Namadontho anafunsa chifukwa chake sangangoiika pa maikulosikopu. APulofesa anaseka n'kunena kuti ndi yaing'ono kwambiri. Njira yokhayo, anatero, ndi kuinyengerera kuti mapuloteni mamiliyoni afole m'mizere mwadongosolo mpaka apange kamwala konga kambulu ka mchere. Kamwalako amakatumiza kunja, kumakina aakulu a ekisire, ndipo kuwala kukadutsamo akatswiri amawerengera maonekedwe ake. "Inu ntchito yanu ndi kamwalako basi," anatero. Mmene ananenera zinamveka ngati ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi.

Puloteniyo sankagula. Ankaipanga ndi maselo ochokera ku mbozi, omwe ankakhala m'mabotolo agalasi m'kabati yofunda, akugwedezeka usana ndi usiku m'madzi achikasu. Maselowo ankafuna madzi atsopano tsiku lachitatu lililonse, kaya ndi Lamlungu kaya ndi holide. Akachedwa tsiku limodzi ankafooka, masiku awiri ankafa. Pakatha milungu itatu Namadontho ankakolola, n'kusefa, n'kusefanso, mpaka malita asanu atsale timadzi tosadzaza ndi kasupuni komwe. Timadzi timeneto ndi tomwe ankalowa nato m'chipinda chozizira. Thireyi iliyonse inali ndi timaenje makumi asanu ndi anayi ndi tisanu n'kamodzi. M'kadzenje kalikonse ankaikamo dontho laling'ono kuposa mutu wa phini, losakaniza ndi mankhwala osiyana pang'ono ndi a kadzenje kapafupi. Akatero ankamata n'kuika pashelefu. Ndiye m'mawa uliwonse ankatsitsa mathireyi n'kumayang'ana dontho limodzilimodzi, n'kumalemba m'buku: loyera, lamatope, loyera, lamatope, lamatope.

Chomwe chinkavuta n'chakuti puloteniyo inali ndi timashuga tomera thupi lonse ngati ubweya, ndiponso inali yopindikapindika ngati chingwe. Zinthu zotero sizifola pamzere. Zimangounjikana n'kukhala phala.

Manja ake anali okhazikika modabwitsa. Dontho loti ophunzira akaika linkayenderera m'mbali, iye ankaliika pakatikati, lozungulira bwino, kambirimbiri osaphonya. APulofesa akabwera ndi alendo ankaloza iye asanaloze makina. Poyamba zinkamukomera.

Chaka chachitatu anagogoda ku ofesi. "Bwana, ndimati ndikumbutse za kalata ija. Mafomu akutseka mwezi uno."

APulofesa anavula magalasi. "Mayi, manja ngati anuwa ine sindinawaonepo. Mukachoka panopa ndiye kuti labu ino ndatseka. Tingopeza kamwalako kokha, kalata ndilemba tsiku lomwelo, ndipo idzakhala kalata yoti kulikonse adzakutsegulirani chitseko. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sanali munthu woipa ayi. Ankakhulupiriradi kuti kamwalako kali pafupi. Chaka chachisanu ananena zomwezo, chachisanu ndi chiwiri zomwezonso, ndipo nthawi zonse ankazinena maso ali gwa, ngati munthu amene waona kale mapeto a msewu.

Pa nthawiyi n'kuti Namadontho atakwatiwa ndi mmisiri wa zamagetsi, bambo wofatsa wokonda nthabwala, amene ankayenda ndi chikwama cha zipangizo m'nyumba za anthu. Ankakhala m'nyumba ya yunivesite, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa bwalo la mpira. Nyumbayo inkayendera limodzi ndi ntchito, ndipo ntchitoyo inali ya kontirakiti ya chaka chimodzichimodzi. Kusiya ntchito kunali kubweza makiyi pasanathe mwezi.

"Anzanga amadandaula apongozi," ankatero bamboyo akamuona akutenga jekete Lamlungu m'mawa. "Ine ndiye ndili pamitala ndi mbozi. Mukazipatse moni, muziuze kuti mwamuna mnzawo ali bwino."

Atapita kukachira mwana wawo wamkazi, mabotolo anasiyira wophunzira wina wa digiri yachitatu. Pobwerera anapeza onse achita nkhungu, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi yapita m'sinki. Kuyambira pamenepo aPulofesa analamula kuti kabati yofunda asamatsegule wina aliyense. Ndipo kunena zoona, ngakhale akanapanda kulamula, Namadontho mwiniwake sakanalola. Ophunzira ankabwera, iye n'kuwaphunzitsa kagwiridwe ka chodonthezera, n'kuwakonzera mankhwala, n'kuwapukuta misozi zinthu zikakanika. Pakatha zaka zinayi ankavala mikanjo n'kumapita. Ena ankabweranso kudzacheza atanenepa, anthu akuwatchula kuti adokotala, n'kusuzumira m'chipinda chozizira. "Amayi, mukadali momuno?" Iye ankaseka nawo, n'kutseka chitseko kuti mphepo yozizira isatuluke.

Mayi ake ankakhala ndi mkulu wake wa Namadontho m'tauni ina, ulendo wa basi wa tsiku lathunthu. Atayamba kudwala, Namadontho anapeza kayendedwe kake: kudyetsa maselo Lachisanu m'mamawa, kukwera basi, kukhala Loweruka lonse, kubwerera Lamlungu, Lolemba n'kukhala ali pakabati. Anayenda choncho kasanu. Ulendo wachisanu anapeza mayi ake atasiya kudya, akungonyowetsa milomo ndi tiyi.

Lamlungu m'mawa mkulu wake anamupeza akupinda zovala. Anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

"Ukupitadi?"

"Akulu, ndibweranso Lachisanu."

"Lachisanu udzapeza ndani? Wawaona mmene akupumira. Kodi mbozi zakozo zimadziwa kuti iwe unabadwa kwa munthu?"

"Zikafa ndiye kuti chaka chonse chapita. Palibe wina woti n'kuzisamala."

"Amayi ndiye alipo wina?"

Mayi awo anamva ali pabedi. Anamuitana ndi dzanja, n'kumuuza motsitsa kuti, "Pita mwanangu, asakuchotse ntchito chifukwa cha ine. Ukandigulire mafuta odzola aja ukamabwera." Anapita. Lolemba cha m'ma teni koloko, manja ali m'magolovesi, foni ili m'chikwama kunja kwa chitseko, mayi ake anatsirizika. Uthenga anauona nthawi ya nkhomaliro.

APulofesa anamupatsa masiku asanu, n'kunena kuti mabotolo awasamala iwo eni. Anamuperekeza pagalimoto yawo mpaka kudepoti, akupepesa njira yonse. Basi ili pakati pa ulendo, Namadontho anadzipeza akuganiza ngati bwanawo akumbukire kupukuta manja ndi sipiriti asanatsegule botolo. Anachita manyazi moti anaphimba nkhope ndi mpango mpaka kukafika. Mkulu wake sanamunene kanthu pamaliropo. Anangomupatsa mbale zoti atsuke, ndipo kwa zaka ziwiri foni zawo zinali za moni basi.

Chinthu chimene sankauza munthu, ngakhale mwamuna wake, n'chakuti nayenso anali atakodwa. Sinalinso nkhani ya kalata yokha kapena nyumba. Puloteniyo anaidziwa ngati mmene munthu amadziwira mnansi wa kuseri kwa khoma amene sanamuonepo: ankadziwa kuti imadana ndi mchere wambiri, imakonda kashiamu, ikatenthedwa pang'ono imanyanyala. Ankafuna kuiona. Akaganiza zosiya, ankaona mashelefu aja odzaza mathireyi, n'kumadzifunsa kuti nanga zaka zonsezi, ndi Lolemba lija, azidzati anazipereka chifukwa cha chiyani.

Chaka chachisanu ndi chinayi, m'dontho lina munaoneka kamwala kokongola, kambali zosalala, konyezimira ngati galasi. APulofesa anathamanga pakhonde ngati mnyamata, n'kuyamba kuimbira anzawo akunja. Namadontho anatsala yekha. Anatenga kasingano n'kukagunda kamwalako. Kamwala ka puloteni kamafewa, ukakakhudza kamaphwanyika ngati chigumu chonyowa. Aka kanalimba, kanaterereka, kenako kanati khwe. Unali mchere wamba. Anakhala kaye pampando mpaka zala zitachita dzanzi, kenako anapita kukagogoda ku ofesi bwanawo adakali pafoni.

Nzeru imene inathandiza inachokera kwa Namadontho. Chaka cha khumi ndi chitatu anapempha kuti ayese kumeta timashuga tija ndi mankhwala ena, ndiponso kudula puloteniyo pamalo pomwe iye anaona kuti imakonda kuduka yokha ikakhalitsa. APulofesa anakayika koma analola. Patatha milungu isanu ndi umodzi, m'madontho atatu munamera timiyala tonga tisingano, ndipo titagundidwa tinaphwanyika mofewa. Anatiwedza kamodzikamodzi ndi kachingwe kopyapyala kuposa tsitsi, n'kutiumitsa ndi kuzizira, n'kutitumiza kunja m'chigubu chachitsulo. Yankho linabwera loti ndi puloteni ndithu, koma chithunzi chake n'chachimbuuzi, pakufunika timiyala tokulirapo. Kwa chaka china chathunthu ankasintha mankhwala pang'onopang'ono, ndipo tisingano tija tinayamba kunenepa.

Tsiku lina Lachitatu m'mawa aPulofesa anabwera okha kudzagogoda pachitseko chachitsulo, chinthu chimene sankachita. "Mayi, tabwerani ku ofesi."

Pakompyuta pawo panali chithunzi cha mitundumitundu. Gulu lina la akatswiri a kudziko lina linali litasindikiza maonekedwe a puloteni yawo ija, yonse yathunthu, ili chigwirire inzake ya selo loyandikana nalo. Iwo sanavutike ndi timiyala. Anali ndi maikulosikopu yatsopano, yaikulu ngati chipinda, imene amangoumitsa ndi kuzizira puloteni m'kadontho ka madzi n'kuijambula mmene ilili, ubweya ndi zonse. Ntchito yonseyo inawatengera miyezi khumi ndi umodzi.

"Atipitirira," anatero aPulofesa. Mawu awo anali a nkhalamba.

Namadontho anakoka mpando osapempha n'kuyandikira. Ndiye iyi. Inali yaitali, timfundo tambirimbiri tolumikizana ngati mikanda, ndipo chapakati inapindika ngati chigongono. Chakumunsi, pafupi ndi khungu la selo, timagawo titatu tinakumbatira malo odukira aja n'kuwabisa, kuti asaduke mpaka mnzake atakoka. Chigongonocho chinali pamalo enieni pomwe iye anadula chaka chathachi. Anaika chala pagalasi la kompyuta.

"Apa ndinkapadziwa," anatero.

"Munkapadziwadi."

"Mungandisindikizireko papepala?"

Makina osindikizira a mu ofesimo anali opanda mitundu, choncho chinatuluka chotuwa. Akuchipinda, anakumbukira chimene anabwerera zaka khumi ndi zinayi zapitazo. "Bwana, nanga kalata ija?"

APulofesa analemba tsiku lomwelo, masamba awiri odzaza, mawu abwino okhaokha, ndipo onse anali oona. Namadontho anatumiza malo anayi. Awiri sanayankhe. Awiri anayankha mwaulemu kuti thandizo la maphunziro ndi la anthu osapitirira zaka makumi atatu ndi zisanu. Iye anali ndi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Zotsatira za timiyala tawo zinasindikizidwabe, m'magazini yaing'ono, ngati zongotsimikizira zimene ena anapeza kale. Dzina lake linali lachinayi pa mayina asanu ndi limodzi. Chaka chomwecho aPulofesa anapuma pantchito. Pa tiyi wotsanzikana anamugwira dzanja nthawi yaitali, akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Mundikhululukire, mayi." Iye anayankha kuti palibe mlandu, chifukwa panali anthu, komanso chifukwa sankadziwa kuti mlanduwo auyambire pati.

Mkulu wake ndi amene anaimba foni. Mawu ake anali atafewa ndi zaka. Anati chipatala china chapafupi ndi kwawoko chikufuna munthu wa mu labu, ndipo iye walankhula kale ndi mlamu wake amene amagwira ntchito kumeneko. "Bwera udzayese. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ubwere tidzakalambire pafupi."

Mwamuna wake anamusitira bulauzi. "Magetsi ali paliponse," anatero. "Inu mukangoti tiyeni, ine chikwama changa chili pakhomopo."

Anapita. Mu labu ya chipatalayo munali kotentha, mawindo otsegula, anthu ali pamzere pakhonde ndi timapepala m'manja. Omufunsa anali atatu. Anawerenga kalata ya aPulofesa n'kugwedeza mitu mwaulemu. Kenako mayi wina wa magalasi, wamng'ono kwa iye ndi zaka ngati khumi, anamufunsa kuti magazi a munthu anawatenga liti komaliza.

"Kusukulu."

"Makina oyezera magazi awa munawagwiritsapo ntchito?"

"Ayi, koma ndikhoza kuphunzira."

"Chiphaso chanu chogwirira ntchito m'chipatala chinatha liti?"

Anawerenga m'mutu n'kuyankha kuti zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Bambo amene anakhala pakati anafunsa, mwachidwi chenicheni, kuti kwenikweni zaka zonsezi ankachita chiyani. Namadontho anayamba kufotokoza za maselo ouzana zochita, za mutu wakunja ndi mchira wam'kati, za madontho. Ali m'kati anaona kuti mmodzi akuyang'ana wotchi, ndipo pakhomo nesi akudikira ndi thireyi ya timabotolo ta magazi. Anafupikitsa. Omufunsawo anamuuza kuti ngati atakonzanso chiphaso, zomwe zimatenga chaka cha kalasi ndi mayeso, akhoza kudzamuganizira pa malo a oyamba kumene. Nyumba chipatalacho sichipereka.

Anagona kwa mkulu wake tsiku limodzi. M'mawa awiriwo anapita kumanda a mayi awo, n'kuzula udzu. Pomuperekeza kudepoti mkulu wakeyo anati, "Chaka chimodzi si kanthu. Mwana abwere azikhala ndi ine." Namadontho anati aganiza. Onse awiri ankadziwa kuti mwanayo ali pakati pa sukulu, kuti kalasi ya chiphaso imafuna munthu masana onse, ndiponso kuti tsiku loyamba kujomba kuntchito ndi tsiku loyamba kuwerenga masiku a makiyi.

Mkulu watsopano wa labu anali mmodzi wa ophunzira ake akale, mayi wachangu wolankhula mofulumira, amene ankamutchulabe kuti amayi. Anamuitana sabata yotsatira. Anati za timiyala zatha, mathireyi onse atayidwe kuti mashelefu apeze ntchito ina. Koma maikulosikopu zatsopano zija, anatero, zimafunabe puloteni yoyera bwino, ndipo anzawo akunja avomera kuti azijambula ngati labu ino izitumiza. Tsopano akufuna ina, ya banja lomwelo, imene imauza maselo a mwana kuti dzanja lithere pati ndi zala zikhale zingati. Maselo a mbozi omwewo, kusefa komweko, m'chipinda chomwecho.

"Palibe wina angaipange ngati inu, amayi. Ndawauza kale kuti tili ndi munthu."

Namadontho anayang'ana zala zake. Mfundo zake zinali zitayamba kutupa, ndipo adokotala a pakiliniki anali atamuuza kawiri konse kuti achepetse kukhala pozizira. Anafunsa ngati kontirakiti ingakhale ya zaka zitatu m'malo mwa chimodzi. Mkuluyo anati ayesetsa kulankhula ndi akuluakulu, koma pakadali pano asaine kaye yomwe ilipoyi kuti nyumba isavute.

Anatsika kupita ku ofesi ya antchito nthawi ya masana. Kalaliki anatulutsa fomu, n'kumuonetsa mizere itatu yosainapo. Cholembera chinali chopyapyala, chinkamupweteka kugwira, choncho anasaina pang'onopang'ono. Kalalikiyo anadinda, n'kuuzira inki.

"Chaka chamawa mudzabwere msanga, mayi," anatero. "Mwezi ngati uno pamakhala mzere."

Atatuluka anapeza mwamuna wake atakhala pakhoma la maluwa panja, chikwama cha zipangizo chili pakati pa miyendo. Anali ndi ntchito yokonza soketi ku laibulale ndipo anaganiza zomudikira. Anayang'ana pepala lomwe linali m'manja mwa mkazi wake.

"Denga la kukhitchini lija layambanso kudontha," anatero. "Ndimati ndidikire kaye ndimve ngati tikukhala."

"Kanenenitu ku ofesi ya nyumba," anayankha Namadontho. "Mvula isanayambe."

Bamboyo ananyamula chikwama n'kulowera kumene kunali ofesiyo, ndipo Namadontho anakwera masitepe kubwerera pansanjika yachitatu, kukayamba kutsitsa mathireyi.